Mwala Woboola Denga

Panali munthu wina, mmisiri wowotcherera zitsulo, amene anali ndi mlongo wake, mayi wamasiye. Tsiku lina masana mayiyo akuyanika zovala, chinthu chinaboola malata a khitchini yake n'kukwiririka pansi. Atafukula anapeza mwala wakuda, kukula ngati chibakera koma wolemera modabwitsa.

Mphunzitsi wa sayansi woyandikana naye nyumba anaugunditsa maginito, n'kukakamira. "Mayi, uwu wachokera kumlengalenga. Ndi chitsulo chosakanikirana ndi nikelo, chosowa kwambiri. Musapatse munthu aliyense mpaka ndiitane akatswiri a miyala."

Koma kwa mayiyo mchimwene wake sanali munthu aliyense.

"Achemwali, denga lanu lili pululu, akuba alowa," anatero mmisiri uja. "Mwalawu ndikakusungireni kushopu kwanga."

Kushopuko mtima unatembenuka. Anatola zidutswa za injini yakufa, anaziwotcherera pamodzi, anazipala, n'kuzidetsa ndi moto. Akatswiri atafika, anabweretsa chimenecho m'malo mwa mwala uja.

Mmodzi wa iwo anacheka kambali, anasalaza, n'kudonthezapo asidi.

"Chitsulo chakumwamba chimatuluka mizere yopingasana ngati yoluka," anatero. "Ichi ayi. Onani apa, ndi powotcherera. Mayi, msinkhu wanu wonsewu, mwatiyendetsa mtunda kuti mudzatipusitse?"

Anthu odzaonerera anaseka. Mayiyo anangoyang'ana mchimwene wake, iye n'kuyang'ana nsapato zake.

Mwala weniweni uja mmisiri anaupezera wogula pafoni, bambo wa suti ndi mawu ozuna. Bamboyo atabwera anati, "Makina oyezera ali m'galimoto, dikirani pompano." Analowa nawo, analiza injini, ulendo. Nambala yake sinagwirenso.

Patapita sabata mmisiri anapita kwa mlongo wake, chipewa kumanja.

"Achemwali, Satana anandinyenga."

"Satanayo amadziwa kuwotcherera?" anafunsa mayiyo, osasiya kusita. "Mwala sukundiwawa, sindinaukhetsere thukuta. Koma ana anga kusukulu akutchedwa ana a mayi wabodza. Amayi atamwalira ndinakuberekani kumsana ine, achimwene. Geti munandipangira lija ndi lolimba. Mulitseke potuluka."

Mpaka pano akakumana mumsewu, mayiyo amawoloka.

Phunziro: Wobera mbale wake amangosungira wakuba mnzake. Chuma chikhoza kugwa kumwamba, koma chibale ukachiphwanya palibe mmisiri angachiwotcherere. Tumizirani abale anu uthengawu, wina aumve dyera lisanamulowe.