Maliro a Kuseri kwa Thanthwe la Njuzi

Njuzi itaswa ana pathanthwe la kuseri kwa nyumba ya Esinala, a zankhalango anabwera kudzapachika pakhonde kabokosi komva phokoso. Lamulo lake aliyense ankalidziwa: kabokosi kakayaka katatu ana a njuzi asanayambe kuyenda, banjalo lichotsedwe kuphiriko, lisiye munda ndi manda omwe. Njuzi ikadzidzimuka imathawa ana ake, ndipo m'phiri lonse munangotsala njuzi zisanu ndi ziwiri.

Esinala anavundikira mtondo, tambala anakamusungitsa kuchigwa, nkhuni ankathyola ndi manja. Komabe kabokosi kanali katayaka kale kawiri, konseko chifukwa cha chifuwa cha mwamuna wake, a Dzimbiri.

Lachitatu m'mawa chifuwacho chinaleka, a Dzimbiri n'kutsirizika.

Anthu anafika mmodzimmodzi, nsapato zili m'manja, ndipo nyimbo ankangoyendetsa milomo. Masana Esinala anaona Nagama, mlongo wa malemu, akukwera njira manja ali kumutu, akukoka mpweya kuti ayambe kulira monga achitira munthu akayandikira siwa. Anamuthamangira n'kumutseka pakamwa ndi chitenje.

"Alamu, chonde, mezani."

"Achimwene anga apite ngati nkhuku?" Nagama anafunsa m'chitenjemo.

"Mukalira atichotsa kuno. Manda awo azidzalambula ndani?"

Nagama anayang'ana kabokosi kaja, kenaka analuma chitenjecho ndi mano onse. Awiriwo anagwirana panjira pomwepo, mapewa akugwedezeka, mawu osatuluka.

Kuthanthwe kamwana ka njuzi kanalira mokweza, kakuitana make. Kabokosi sikanayake.