Nyambo Yovunda ndi Miono ya Apongozi

Panali munthu wina, dzina lake lenileni sinditchula chifukwa abale ake timakumanabe nawo mumsewu. Anzake ankangomutcha Ndikudziwa, poti ukangotsegula pakamwa kuti umulangize, iye wayankha kale. Ntchito yake inali yotchera mashirimpi, tinkhanu tija ta ndevu zazitali, pamene mtsinje umathira m'nyanja.

Miono imene ankatcherayo sinali yake. Anabwereka kwa apongozi ake aamuna, amene anailuka okha mpaka zala kupindika. Ine miono imeneyo ndinaiona ndi maso angawa. Kusukulu ndinangodutsa pawindo, koma madzi onse a padziko pano ndatchera, ndipo ndinavuulapo shirimpi wina amene tinachita kunyamula anthu anayi, ndevu zikukhwekhwereza pansi. Koma pa miono ya mkulu ameneyo, nanenso ndinkavula chipewa.

Nyambo ya kusitolo itakwera mtengo, apongozi anamuitana.

"Mkamwini, musavutike mtima. Amayi ogulitsa nsomba aja mitu ndi matumbo amangotaya. Katengeni za tsiku lomwelo, musinje, musakanize ndi gaga, mumange mu sokosi yakale. Kampira kamodzi pa mono, kazilendewera pakati. Koma zikhale zatsopano. Zikavunda mudzaitana alendo amene simunawafune."

"Ndikudziwa, bambo."

Akudziwa chiyani! Mawa lake pa doko panafika munthu wachilendo, wa jekete yonyezimira, akukankha wilibala. Mu wilibalamo munali ndowa yaikulu yovundikira bwino.

"Achimwene, inu mpaka lero mukusinja mitu ya nsomba? Shirimpi amayenda ndi mphuno. Chikanunkha kwambiri, amachokera kutsidya kwa nyanja ali pamzere. Iyi ndi nyambo ya akatswiri. Muisiye m'nyumba pofunda ikhwime, kenako mudzaze mono mpaka pakamwa. Za sokosizo ndi umphawi."

Tamverani bodza lake! Munthuyo anali wantchito wa ku butchala. Firiji inawafera, nyama inaola, ndiye abwana anamutuma kuti akaikwirire. Iye m'malo mokumba dzenje anapeza chitsiru. Ndikudziwa anagula ndowa yonse, nathokoza ndi manja awiri.

Anakaiika kukhitchini, kuseri kwa chitseko, pafupi ndi mbaula. Mkazi wake atalowa anabwerera chafutambuyo atagwira mphuno.

"Bambo a mwana, mwabweretsa maliro m'nyumba muno?"

"Inu amayi, izi ndi za ntchito. Simungazimvetse."

"Abambo anga anati mitu yatsopano. Ine ndinali pomwepo."

"Ndikudziwa."

Ndowa ija inakhwimadi. Ntchentche zinabwera mpaka dzuwa kubisika, nkhuku n'kukalowa m'khola masana poyesa kwada. Galu wa aneba ananunkhiza pazenera n'kukomoka miyendo m'mwamba. Wotchi ya pakhoma inaima. Ine ndinkakhala kutali, ulendo wa basi, koma tiyi wanga ankamveka nyama yoola. Mwana wawo anasiya kudya, zovala zonse zinalowa fungo, mkazi ankaphikira panja akulira. Ndikudziwa osalabadira, ati ndi fungo la chuma.

Tsiku lotchera anadzaza miono yonse, osasiya ndi umodzi womwe. Anzake pa doko anasuntha mabwato awo.

"Iwe Ndikudziwa, ukutchera mashirimpi kapena afisi?"

"Nsanje imeneyo. Mawa mudzandipempha."

Aliyense wogwira ntchito imeneyi amadziwa kuti shirimpi amakonda kafungo ka mafuta a nsomba kotuluka pang'onopang'ono. Nyama yoola ndi ya katumbu, chinyama cha m'madzi cha mano ngati lumo. Ndipo katumbu salowera pakhomo la mono ngati mlendo waulemu, amaboola pambali. Anabwera akatumbu onse a mumtsinjemo, ndi akazi awo, ndi azilamu awo, ena ochokera mitsinje ina ongomva mbiri. Madzi anachita thovu ngati akuwira.

M'mawa Ndikudziwa anakoka chingwe choyamba. Chinabwera chopepuka, kunsonga kuli kamkombero kokha. Chachiwiri, timitengo tiwiri. Chachitatu, chingwe chokhachokha. Mpaka womaliza, palibe mono umene unatsala, ndipo shirimpi ngakhale wa mankhwala analibe. Anathamangira ku doko kufunsa za wa jekete uja. Anthu anangomuseka, munthuyo anali atasowa ngati utsi.

Apongozi anamva, poti nkhani yotere siyenda pansi. Anafika ndi ndodo yawo, naima pakhomo, osalowa chifukwa cha fungo. Ndikudziwa anayala zidutswa zija pansi, atagwada, mutu uli pansi.

"Bambo, pepani. Munthu wina anandinamiza."

Mkuluyo anatola kamkombero kamodzi, nakatembenuza, nakabweza pansi.

"Mkamwini, ine ndinakupatsani zinthu ziwiri, miono ndi mwana wanga. Miono ndaiona. Tsopano muitaneni mwana wangayo ndimuone ngati akadali wathunthu."

Mkazi anatuluka, chikwama chili kale pamutu, mwana ali kumbuyo. Sanachite kuuzidwa. Anatsatira bambo ake osacheuka, ndipo Ndikudziwa anatsala pakhonde yekha, iye ndi ntchentche.

Phunziro: Nyambo yabwino ndi mitu ya nsomba yatsopano ndi gaga mu sokosi, osati zonunkha zogula kwa munthu amene simudziwa kwawo. Ndipo chinthu chobwereka sayesera nzeru za mumsewu, mwini wake akanena kagwiritsidwe kake, tsekani pakamwa mumve. Tumizani nkhaniyi kwa onse otchera miono, makamaka uja wa m'banja mwanu amene amayankha musanamalize kulankhula.