Anadutsitsa Bolopeni pa Kalata ya Mlongo Wake

Panali bambo wina amene anthu ankangomutchula kuti Injiniya, ndipo wondiuza nkhaniyi akuti anali woyandikana naye nyumba. Kusukulu ya uinjiniya sanapondeko, koma wailesi, foni, wotchi, chilichonse chikavuta ankachimasula yekha, ndipo zambiri zinkafera m'manja mwake momwemo. Ukamulangiza, ankakuyang'ana ngati wamutukwana.

Mlongo wake wamng'ono anasankhidwa kukaphunzira unamwino atayesa zaka zitatu. Kalata yomuitana inafika pa imelo Lachinayi, ndipo inanena mosabisa: aisindikize, akaipereke yekha ku ofesi ya koleji Lachisanu isanakwane 4 koloko. Akachedwa, malo ake apatsidwa wina.

Lachisanu m'mawa mtsikanayo anati, "Achimwene, ndingodzera ku shopu yosindikiza mapepala."

"Ku shopu, printa ili m'nyumba muno? Ukufuna anthu andiseke?"

Printayo inali itakhala miyezi inayi osayatsidwa. Pepala loyamba linatuluka zilembo zili mbuu, timizere toyera titadula mawu pakati. Lachiwiri chimodzimodzi. Dzina linkawerengeka movutikira, koma nambala ya kalatayo ndi tsiku lobadwa zinali ngati zanyowa ndi mvula.

Mkazi wake, pomudziwa mwamuna wake, anaimbira foni mkulu wina wokonza maprinta n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Inki yaumira m'timabowo totulukira," anatero mkuluyo. "Pa kompyuta pali poti mudine kuti printa idzitsuke yokha. Muidikire mphindi khumi, kenako muyese pepala limodzi. Zikakana, bwerezani kawiri. Zikakanabe, musalimbane nayo lero, pitani ku shopu."

Injiniya anadula foniyo. "Kutsukako kumamwa inki yambirimbiri. Anthu amenewa ndi amodzi ndi ogulitsa inki. Ine sangandipusitse."

Anazula kabokosi ka inki, n'kukakhutchumula, n'kukauzira mpweya, n'kukapukuta ndi malaya. Anayesanso. Mbuu. Inakwana 12 koloko, kenako 1 koloko. Zala zinali bii, mapepala owonongeka ali mbwee pansi. Mlongo wake anali atakhala pafupi ndi chitseko, atavala kale, chikwama chili pamiyendo.

"Achimwene, 2 koloko yakwana. Chonde ndiloleni ndizipita."

"Ndati dikira!"

Kunena zoona, apa mantha anali atamugwira. Koma kuvomera pamaso pa mkazi ndi mlongo kuti zamukanika, kwa iye kunali ngati kumuvula malaya pamsika.

Itatsala pang'ono kukwana 3 koloko, anasankha pepala lomwe linkaonekako bwino, n'kutenga bolopeni yakuda. Anadutsitsa pa dzina, pa nambala, pa tsiku lobadwa, chilembo ndi chilembo, lilime lili panja.

"Taona! Yawala kuposa ya ku shopu."

"Abambo," anatero mkazi wake motsitsa mawu, "kalata ya ku ofesi salembapo pamanja."

"Inu mayi, inu ndi makalata munadziwana liti?"

Anaiika mu envulopu n'kunena kuti aperekeza mlongo wakeyo, kuti akaone yekha akuilandira. Mumsewu magalimoto anali atathithikana, moti anafika patangotsala mphindi makumi awiri. Pamzere panali anthu atatu. Pabenchi la pakhoma panali atsikana ena omwe sanasankhidwe, akudikira ngati wina angalephere kubwera.

Kalaliki anali mayi wamagalasi. Anatsegula envulopu, n'kukweza pepala lija chakuwindo, n'kupakapo chala.

"Walemba apa ndani?"

Mtsikanayo anayang'ana mchimwene wake.

"Ndine, mayi," anatero Injiniya. "Ndangodutsitsa pomwe sipamaoneka. Sindinasinthe kalikonse."

"Aliyense amatero, bambo. Sabata ino tagwira awiri atasintha nambala pa makalata a anzawo. Kalata yokhudzidwa ndi cholembera sitilandira."

"Taonani pa kompyuta yanuyo, dzina lake lilipo!"

"Likhoza kukhalapo, koma mufailo ndiikamo chiyani? Mukufuna ntchito indithere? Bweretsani yoyera isanakwane 4. Wotsatira!"

Kunali kutatsala mphindi khumi ndi imodzi. Injiniya anatsomphola foni ya mlongo wake momwe munali imelo ija, n'kuliyatsa liwiro. Shopu yoyamba inali yotseka. Yachiwiri inali kutsidya kwa msewu waukulu, ndipo munali munthu akusindikiza mapepala makumi atatu. Injiniya anagwada pansi, bambo wamkulu ndi ndevu zake.

"Pepala limodzi lokha, abale anga, ndapota nanu!"

Anamulola. Pepala linatuluka pasanathe mphindi imodzi, zilembo zili ngwee. Anathamanga nalo magalimoto akumuimbira mahutala, nsapato imodzi n'kutsalira pamsewu.

Anapeza chitseko chatsekedwa. Inali itadutsa 4 koloko ndi mphindi zisanu ndi chimodzi. Anagogoda mpaka mlonda anabwera kudzamuchotsa.

Mlongo wake anali atakhala pamasitepe. Injiniya asanalankhule kanthu, chitseko chija chinatseguka, n'kutuluka mmodzi wa atsikana a pabenchi aja, foni ili kukhutu, akulira ndi chimwemwe.

"Amayi! Amayi, andipatsa malo! Akuti wina sanabweretse kalata!"

Mlongo wa Injiniya anamva zonse. Sanalire, sanakalipe. Anadzuka, n'kusasa fumbi pa siketi yake.

"Achimwene, tiyeni kunyumba," anatero. "Amayi akudikira kuti ndiwauze mmene zayendera."

Phunziro: Wakutsina khutu ndi mnansi. Wodziwa ntchito yake akakuuza chochita, chita, ndipo zikakukanika vomera nthawi ikadalipo. Kalata ya ku ofesi ikatuluka yosaoneka bwino, isindikizenso, usaikonze ndi cholembera. Koposa zonse, usayesere luso lako pa tsogolo la mnzako, chifukwa wonyada ndi wina, wolira ndi wina. Usaisunge wekha nkhaniyi, itumize kwa abale ndi anzako, makamaka kwa uja amene amadziwa zonse kwanuko.