Anasiya Injini Ikulira, Mwana Ali M'kati

Panali bambo wina, wogulitsa mazira m'masitolo, amene anzake anam'patsa dzina loti Mphindi Imodzi. Nkhaniyi akuti inachitikadi, muwerenge mpaka kumapeto.

Bamboyu anali ndi kagalimoto kake konyamulira mazirawo. Vuto linali kiyi. Anali ataperepeseka mano, moti kuliza galimoto inali nkhondo: kumulowetsa, kumukoka pang'ono, kugwedeza chiwongolero, kenako kupemphera. Tsiku lina inkalira msanga, tsiku lina mpaka thukuta kamukamu. Ndiye mkuluyu anapeza nzeru yake. Akaliza m'mawa sankazimitsanso. Akafika pasitolo ankangotsika, kiyi ali pomwepo, injini ikulira.

"Mphindi imodzi yokha," ankatero.

Mlamu wake, amene ndi makaniko, anamuuza kangapo konse. "Alamu, bwerani nayo ndisinthe loko yonseyo. Ndi ntchito ya tsiku limodzi."

"Tsiku limodzi mazira atumize ndani? Ndibwera mawa."

Mkazi wake nayenso analankhula mpaka kutopa. "Bambo a mwana, tsiku lina mudzatuluka m'sitolo n'kupeza mpanda wokha."

Iye ankangoseka. "Chiphapha ichi angabe ndani? Wakubayo ndidzachita kumuthokoza."

Lachitatu lina mwana wawo wamkazi, wa zaka zinayi, anadzuka thupi litatentha. Mayi ake analephera kupempha tchuthi kuntchito, choncho bambo ndi amene anapita naye kuchipatala. Pobwerera, dzuwa lili paliwombo, mwana anagona pampando wakumbuyo atamufunditsa bulangete. Kabuku kake ka kuchipatala anakalowetsa m'bulangete momwemo.

Bamboyo anaima pasitolo ya mankhwala. Anayang'ana kiyi, anayang'ana mwana. Akazimitsa, adzalimbana nayo pamene mwana akudwala. Akamudzutsa, ayamba kulira. Ali mkati moganiza choncho, panafika munthu wovala chijekete chowala ngati cha olondera magalimoto.

"Bwana, lowani. Ndikuyang'anirani."

"Zikomo achimwene. Mphindi imodzi yokha."

M'sitolo munali anthu atatu patsogolo pake. Atalandira mankhwala anamva matayala akulira panja. Anatuluka akuthamanga. Pamene panali galimoto panali kadontho ka oilo basi. Wa chijekete uja kunalibe.

Kenako anathamangira mumsewu ngati wamisala, botolo la mankhwala lili m'manja.

"Mwana wanga! Anthuni, muli mwana wanga!"

Anthu anangoti kakasi. Mayi wogulitsa mankhwala m'sitolomo anatuluka n'kumugwira mkono. "Foni yanu ili kuti?"

"M'galimoto momwemo."

"Nayi yanga, iimbireni."

Nambala yake yomwe anailakwitsa kawiri. Inaitana, inaitana, osayankha. Kachitatu wina anayankha koma osalankhula. Ankangomva injini yake ikulira.

"Chonde achimwene, ndagwira mwendo wanu. Galimotoyo tengani, mazira tengani, sindikufunani. Koma tayang'anani kumbuyoko. Muli mwana, ndipo akudwala."

Kenako anamva kamawu kochokera patali: "Adadi?"

Foni inaduka. Poimbanso inali yozima.

Abale inu, mantha amenewo asakuonekereni. Kupolisi anafotokoza mobwerezabwereza. Apolisi anatumiza uthenga kwa anzawo a m'misewu n'kumuuza kuti adikire pabenchi. Ola loyamba linatha. Lachiwiri linatha. Galimoto iliyonse ikadutsa panja ankadzambatuka. M'mutu munkabwera zinthu zoti sangazitchule. Ndipo mkazi wake anali asanamuuzebe, chifukwa akanayambira pati?

Pomaliza anabwereka foni ya wapolisi n'kuimba.

"Mayi a mwana, ndine."

"Mwana ali kuti?"

"Tamvera kaye, usakuwe..."

"Ndafunsa kuti mwana ali kuti?"

Bambo wamkulu analira ngati khanda, anthu onse akuona.

Mkaziyo anamusiya alire kaye. Kenako anati, "Ali pamiyendo pangapa."

Zinali chonchi. Wakuba uja ataona mwana anam'tsitsa m'mphepete mwa msewu waukulu, kutali ndi tauni, n'kumuponyera bulangete lake. Mwanayo anayamba kuthamangira galimoto ya bambo ake, opanda nsapato, malole akudutsa pafupi. Telala wina amene amasoka pakhonde chapafupi ndi amene anam'tsomphola pakati pa msewu. Atakutumula bulangete munagwa kabuku kaja, ndipo pachikuto panali nambala ya mayi ake.

"Ine za mwana wanga ndamva kwa mlendo," anatero mkaziyo. "Inu munali kuti maola onsewa?"



Galimotoyo sinapezeke mpaka lero. Mlamu wake sananene kuti ndinakuuzani. Anangobwera, anakhala pansi, n'kuyang'ana zidendene za mwana zimene phula linawotcha.

Mwanayo anachira, koma china chake sichinachire. Masiku ano akakwera galimoto iliyonse sagona. Amagwira malaya a bambo ake ndi manja onse awiri. Galimoto ikangoima, ngakhale pamaloboti, amayang'ana bambo ake m'maso n'kufunsa:

"Adadi, mutsikanso?"

Phunziro: Wakutsina khutu ndi mnansi. Kiyi akayamba kuvuta, kakonzetseni lero lomwe, musapeze njira yozembera vutolo. Musatsike m'galimoto injini ikulira, musasiye kiyi m'kati, ndipo mwana musam'siye yekha ngakhale kwa mphindi imodzi, chifukwa wakuba amafuna mphindi imodzi yomweyo. Si aliyense wovala chijekete amene ndi mlonda. Tumizirani madalaivala onse amene mukuwadziwa, makamaka aja amakonda kunena kuti "ndikubwera pompano".