Amene Anadula Chitsamba cha Murdo

Effie anaima pa chitsamba cha maluwa chotchedwa karanti atatsamira ndodo, akutukwana chamumtima. Wina anali atachidula. Sikunali kudulira kwa munthu wodziwa ntchito ayi. Anasankha nthambi zabwino zokhazokha, zodzaza mphukira, n'kusiya mbali ya kumpanda ili mbee.

Chitsambacho chinali cha mchimwene wake Murdo, yemwe anamuika m'manda dzulo lake. Anachibzala chaka chomwe anakwatira, ndipo malamulo ake mudzi wonse unkawadziwa pamtima. Karanti sadulira asanachite maluwa, chifukwa maluwa a chaka chino amabadwira pa nthambi za chaka chatha. Umadikira athothoke, kenako n'kuchotsa nthambi zokalamba pansi penipeni, n'kuthira manyowa. Chisanu chikangotha, chitsambacho chinkafiira psuu, njuchi zoyamba n'kusonkhana pomwepo. Ndipo nthambi yake siilowa m'nyumba. Mayi awo ankati imaitana maliro. Effie ali mwana anabisapo imodzi m'botolo kuseri kwa kabati, ndipo chikwapu cha tsiku lomwe inapezeka sanachiiwale.

Wodulayo sankachita kumufunafuna. Lachie wa nyumba yoyandikana anakhala akudandaula kuti chitsambacho chikulowerera kwake, komanso kuti chimanunkha mkodzo wa mphaka. Kununkha chimanunkhadi, tisanamizane. Koma Lachie, woweta amphaka m'nyumba, anganene mnzake? Dzulo m'tchalitchi Lachie anakhala pafupi ndi bokosi, ndipo fungo lomwelo linamupeza Effie pampando wake mpaka anatseka mphuno ndi kansalu.

Chomwe chinamuwawa kwambiri chinali mabala a nthambizo. Ambiri anali ouma, akuda, odulidwa kalekale Murdo ali moyo koma atafa ziwalo mbali imodzi, osatha kutuluka panja. Ena ochepa anali aawisi, akudonthabe madzi. Ndiye kuti munthuyo anabweranso m'mawa womwewo, dothi la pamanda lisanaume.

"Lachie, manyazi ulibe?" anatero Effie atamuona akutaya zinyalala kuseri kwa mpanda.

Lachie anasuzumira, n'kupukusa mutu. "Mayi, ndikanakhala ine ndikanayambira ku mizu."

Wakuba savomera. Effie anameza mawu ena onse, chifukwa sankafuna phokoso lifike kwa mlamu wake Ishbel. Mayi ameneyu anali atavutika mokwanira. Zaka zonsezi ankasambitsa mwamuna wake, kumudyetsa, kumukweza ndi kumutsitsa pa masitepe, osamvekapo akudandaula. Dokotala ankati mtima wa Murdo ndi wa ng'ombe, akhala zaka zambirimbiri. Ndiye sabata yatha, Ishbel akuyanika zovala panja, bamboyo akuti anayesa kutsika yekha. Anamupeza pansi pa masitepe khosi litathyoka.

Ngakhale ali ndi chisoni chotero, Ishbel analuka yekha nkhata ya pabokosi, ya timaluwa toyera tolendewera. M'mwezi wa Malichi, minda yonse ili gwaa ndi chisanu, amayi a kutchalitchi anagwirizana kuti ayenera kuti anakagula ku mzinda wa Perth, ndipo anamutama.

Ndi Ishbel yemweyo amene anagwira Effie dzanja tsiku la ngoziyo n'kumuuza kuti ndi chiuno chake chovutacho sangapitirize kukhala yekha, abwere adzakhale naye. Effie analira. Analibe mwana, analibenso m'bale wina. Makiyi a kanyumba kake ka lendi anali atabweza kale, katundu wake ali m'makatoni pakhonde. Kwina kopita kunalibe, ndipo sankakufunanso. Ankangopempha Mulungu kuti asakhale mtolo kwa munthu wabwino chonchi.

Choncho anaganiza zoyamba ndi kanthu kochepa komwe akanatha: kusalaza mabala aja kuti chitsamba chisawole. Sizasi ya Murdo inkakhala m'kachipinda kochapira kuseri kwa khitchini, momwe mumadutsa mapaipi a madzi otentha. Analowa m'nyumba pang'onopang'ono. Patebulo panali tiyi ndi masikono omudikira, ataphimbidwa bwino ndi nsalu.

Atatsegula chitseko cha kachipindako, fungo la mphaka linamulandira, chonsecho nyumbayi sinawetepo mphaka. Sizasi inali pa sinki, yonyowa. Pakona panali ndowa ya zotsala za nkhata ija, timaluwa toyera tikulendewera pa nthambi za karanti.

Apo m'pamene anakumbukira zomwe zinali m'botolo lake lija. Karanti akatsekeredwa m'nyumba yofunda amachita maluwa oyera, koma amatenga masabata angapo, ndipo Murdo anali atangotha sabata imodzi chimwalirire. Maluwa a nkhata yake anayamba kukonzedwa iye akadali moyo. Pambali pa ndowayo panali ndowa ina ya madzi atsopano, muli nthambi za m'mawa uja, mphukira zisanatseguke.

"Alamu," anaitana Ishbel mokoma ali pamwamba pa masitepe, "takwerani mudzaone chipinda chanu."