Sitolo ya pa Msewu wa ku Khwethemule

"Zenera ilo likwezeni pang'ono," analamula a Goodson, kapitao wa pa esiteti ya tiyi, ndodo ili kukhwapa.

Zakeyu anamvera, koma mkazi wake Esnat anangoluma mano. Thukuta lonse la zaka zisanu ndi ziwiri za kumigodi linali litalowa m'njerwa zimenezi: sitolo kumaso, zipinda ziwiri kuseri, china chogona iwo, china cha alendi. Malowo anawalozera a Goodson omwewo. Ankati m'mphepete mwa msewumo simunali mwa mzungu mwini esitetiyo.

"Munthu ameneyu amagwetsa nyumba za okana thangata," Esnat anauza mwamuna wake kapitaoyo atachoka. "Yathuyi waikonderanji?"

"Tsitsa mawu, iwe. Akutifunira zabwino."

Tsiku lokhoma lata lomaliza, Esnat pochokera kumtsinje anapeza anthu a pa esiteti akuzika miyala yamalire yopaka laimu. Mzere wake unadutsa pakati pa msewu ndi khonde, nyumba n'kutsala mbali ya tiyi. Palibe anamuyang'ana kumaso.

Anatula mtsuko n'kulowa. M'chipinda chake chogona munali a Marita, akazi a kapitao, atagwada, akuyeza khoma ndi luzi.

"Mayi, mukuyeza chiyani m'nyumba mwanga?"

A Marita anamanga mfundo paluzipo, osafulumira, kenako anadzuka n'kusasa fumbi m'maondo.

"Bedi likwana," anatero. "Mwamanga bwino, achemwali. Ine ndimaopa kuti muchepetsa."