Makumi Anayi ndi Mmodzi

Mdzukulu wanga anaika foni patebulo. "Makumi anayi ndi mmodzi, agogo. Akufuna makumi asanu."

"A chiyani?"

"Madokotala otchula dzina langa m'zolemba zawo. Akapanda kukwana, ntchito yanga yofufuza matenda a mtima ithera mwezi uno."

Ndinamuchenjeza. Dzina salimwaza kwa anthu osawadziwa. Wotchulidwa kutali amadziluma lilime, mwinanso zoposa pamenepo. Iye sanaseke. Ankangokhudza foniyo ndi chala, nambala osasintha.

Pawindo panali kabotolo ka mapiritsi anga a mtima. Kale ndinkamwa awiri, miyendo n'kumatupa ngati mitondo. Mwana yemweyu ndiye anapeza kuti kwa nkhalamba ngati ine limodzi limakwana, ndipo kuchipatala anandisinthira.

Ndinameza limodzi langalo. Kenako ndinamutchula dzina lake lonse, mokweza, monga ndimachitira akasiya chitseko chosatseka.

"Lembapo," ndinatero. "Makumi anayi ndi awiri."

"Inu sakuwerengani, agogo."

Anatola foni ija n'kuiponya m'thumba la malaya.

"Osati la pamtimalo, iwe," ndinamuuza.

Anaisamutsa.